ECG ya wodwala mtima ikakhala ndi LBBB: Sgarbossa, Smith kapena Barcelona?

Mtsempha wodyetsa mtima ukatsekeka ndi magazi oundana, nyama ya mtima imayamba kufa ola lisanathe, ndipo chida choyamba kutiuza zimenezi ndi ECG, makina ojambula papepala mmene magetsi a mtima akuyendera. Magetsi a mtima akamayenda bwinobwino, kuwerenga sikuvuta kwenikweni: mzere wa ST (kachigawo kotsatira QRS, nsonga zosonyeza magetsi akudutsa m'zipinda zam'munsi za mtima) umakwera m'ma lead awiri kapena angapo oyandikana (lead iliyonse, monga V1 kapena aVL, imaona mtima kuchokera mbali yakeyake), ndipo wodziwa ntchito amaona msanga kuti pafunika kutsegula mtsempha. Vuto lili pa odwala amene ST yawo imakhala yokwera masiku onse, ngakhale mitsempha ili bwino. Amenewa ndi amene ali ndi left bundle branch block, yomwe m'wodi timangoti LBBB, komanso amene anaikidwa pacemaker, kachipangizo koyendetsa kugunda kwa mtima.

Magetsi a mtima amatsika kuchokera kuzipinda zam'mwamba n'kugawikana panthambi ziwiri, yakumanja ndi yakumanzere. Yakumanzere ikasiya kupititsa uthenga, chipinda chachikulu chakumanzere chimaulandira mochedwa, utazungulira kudzera m'nyama ya mtima kuchokera kumanja. N'chifukwa chake QRS imatambalala kufika 120 ms kapena kuposa, kutanthauza timabokosi titatu papepala loyenda 25 mm pa sekondi. Mu V1 mumaoneka S (nsonga ya QRS yoloza pansi) yakuya, ndipo mu I, aVL, V5 ndi V6 mumaoneka R (nsonga yoloza m'mwamba) yotambalala, nthawi zambiri yokhala ndi kamphako pamwamba. Kuyenda kwa magetsi kukasokonekera chonchi, kubwerera kwake m'malo nakonso kumasokonekera, moti ST ndi T (kaphiri kotsatira ST) zimaloza kosemphana ndi QRS. Pamene QRS yaloza pansi, ST imakwera. Pamene QRS yaloza m'mwamba, ST imatsika. Kusemphanaku ndi khalidwe la LBBB, si matenda atsopano ayi. Njira zitatu zowerengera ECG yotere zimene tikambirane pano, ya Sgarbossa, ya Smith ndi ya Barcelona, zikuyesa kuyankha funso limodzi: kodi ST iyi yaphwanya khalidwe limeneli kapena ayi?

Lamulo lakale: LBBB yatsopano ndi mtsempha wotseka

Ambiri amene anaphunzira chaka cha 2013 chisanafike anaphunzitsidwa kuti wodwala pachifuwa amene ali ndi LBBB yatsopano, kapena yoganiziridwa kuti ndi yatsopano, athandizidwe ngati wa STEMI, kutanthauza kuvulala kwa mtima chifukwa cha mtsempha wotseka, koonekera pa ST yokwera. Lamuloli silinangobwera. Mu 1994 gulu la Fibrinolytic Therapy Trialists linasonkhanitsa makafukufuku akuluakulu asanu ndi anayi a mankhwala osungunula magazi oundana, ndipo linapeza kuti odwala okhala ndi bundle branch block anali m'gulu la amene anapindula kwambiri. Komatu makafukufukuwo sanasiyanitse bwino nthambi yakumanja ndi yakumanzere, kapena yakale ndi yatsopano. Pamene zipatala zinayamba kujambula mitsempha ya odwala otere, zinapeza kuti ambiri a iwo analibe mtsempha wotseka. Mu 2013 malangizo a American College of Cardiology ndi American Heart Association anachotsa lamuloli, nanena kuti LBBB yatsopano payokha si umboni wokwanira.

Kwathu kuno lamuloli n'lofooka kuposa kumene linachokera. Kuti munene kuti LBBB ndi yatsopano mufunika ECG yakale, ndipo odwala athu ambiri sanajambulidweko chibadwire. Amene anajambulidwapo, pepalalo linafufutika kalekale m'buku la kuchipatala, poti mapepala a makinawa sachedwa kuyera akakhala potentha. Zikatero LBBB iliyonse imasanduka yoganiziridwa kuti ndi yatsopano. Onjezerani apo kuti kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 ku Malawi ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe. BP ya zaka zambiri ndi matenda okulitsa mtima n'kuufooketsa ndi zina mwa zimene zimabweretsa LBBB kawirikawiri. Ndiye kuti gogo wobwera ali befu, miyendo itatupa, pepala likuonetsa LBBB, nthawi zambiri wakhala nayo zaka. Kumuthira streptokinase, mankhwala osungunula magazi oundana, chifukwa cha LBBB yokha ndi kumuika pangozi yotaya magazi muubongo popanda phindu.

Sgarbossa woyamba, 1996

Elena Sgarbossa ndi anzake anafufuza odwala oposa 26,000 a m'kafukufuku wa GUSTO-1, napezamo 131 amene anali ndi LBBB ndipo magazi awo anatsimikiza kuti mtima wavulala. Kuchokera pamenepo anatulutsa zizindikiro zitatu mu New England Journal of Medicine, chilichonse ndi mapointi ake. Choyamba: ST yokwera 1 mm kapena kuposa mu lead imene QRS yake yalozanso m'mwamba, mapointi 5. Chachiwiri: ST yotsika 1 mm kapena kuposa mu V1, V2 kapena V3, mapointi 3. Chachitatu: ST yokwera 5 mm kapena kuposa mu lead imene QRS yake yaloza pansi, mapointi 2. Mapointi akakwana 3, munthu atengedwe kuti mtima wavulala.

Zizindikiro ziwiri zoyambazo ndi zolimba, ndipo mpaka lero palibe amene wazigwetsa. Zonse zikunena chinthu chimodzi: ST yasiya kusemphana ndi QRS, yayamba kuitsatira. Mu V1 mpaka V3 QRS ya LBBB imaloza pansi, choncho ST imayenera kukwera. Ikatsika, kawirikawiri ndi khoma lakumbuyo kwa mtima limene likuvutika. Mu 2008 Tabas ndi anzake anaphatikiza makafukufuku angapo napeza kuti mapointi 3 akakwana, njirayi imalakwitsa pa anthu awiri okha mwa 100 amene mtima wawo sunavulale. Koma mwa 100 amene mtima wavulaladi, imagwira pafupifupi 20 okha. Ikanena kuti inde, ikhulupirireni. Ikakhala chete, sinakuuzeni kanthu.

Chofooka chenicheni ndi chizindikiro chachitatu. Malire a 5 mm sayang'ana kukula kwa QRS. Munthu wa mtima wokhuthala chifukwa cha BP akhoza kukhala ndi S yakuya 35 mm mu V2 ndi ST yokwera 6 mm tsiku lililonse la moyo wake. Wina wa QRS yaing'ono akhoza kutsekeka mtsempha wakutsogolo koma ST yake osafika pa 5 mm. Olembawo anadziwa kuti n'chofooka, n'chifukwa chake anachipatsa mapointi 2 okha, osakwana kugamula pachokha. Zotsatira zake n'zakuti kutsekeka kwa mtsempha wakutsogolowo, wotchedwa LAD, kumene kumaonekera kwambiri mu V1 mpaka V4 momwe QRS imaloza pansi, n'kumene kumaphonyeka kwambiri, pomwe n'kumene kumapha kwambiri.

Kukonza kwa Smith, 2012

Stephen Smith, dokotala wa odwala mwadzidzidzi ku Minneapolis, anasiya zizindikiro ziwiri zoyamba momwe zinalili, nasintha chachitatu. M'malo mofunsa kuti ST yakwera mamilimita angati, iye amafunsa kuti yakwera gawo lanji la S imene yaitsogolera. Mtengo wautali umakhala ndi mthunzi wautali, ndipo palibe amadabwa. Chodabwitsa ndi kachitsamba kokhala ndi mthunzi wa mbawa. Lamulo lake ndi ili: mu lead imene QRS yaloza pansi, ST ikakwera 1 mm kapena kuposa, ndipo kukwerako kukafika gawo limodzi mwa magawo anayi a kuya kwa S, ndiye kuti kusemphanako kwapyola muyezo. Anachotsanso mapointi. Chizindikiro chimodzi mwa zitatuzi, mu lead imodzi yokha, n'chokwanira.

Tiyese ndi manambala. S yakuya 30 mm mu V2, ST yokwera 6 mm: gawo limodzi mwa anayi a 30 ndi 7.5, ndiye 6 sinafike. Sgarbossa akanapereka mapointi 2 n'kukusiyani mukukayika, Smith akuti ndi LBBB chabe. Tsopano S yakuya 8 mm mu V4, ST yokwera 3 mm: gawo limodzi mwa anayi a 8 ndi 2, ndipo 3 yapyola. Sgarbossa saona kanthu, Smith akuti mtsempha watseka. Masamu ake ndi a m'mutu: werengani timabokosi ta S, gawani ndi folo, yerekezani ndi timabokosi ta ST.

Kayezedwe kake kamafuna dzanja lodekha. ST imayezedwa pa J point, pomwe QRS yathera, ndipo poyambira kuyeza ndi mzere wa PR, womwe uli QRS isanayambe, poyeza S ndi ST yomwe. Pa QRS yotambalala J point siioneka bwino nthawi zonse, ndipo amene amayeza patsogolo pang'ono, pomwe mzere wayamba kale kukwera kupita ku T, amapeza ST yaikulu kuposa yeniyeni. Mzere ukamayendayenda chifukwa wodwala akupuma mwabefu kapena zomata sizinagwire pakhungu la thukuta, pukutani khungu mujambulenso, m'malo moyeza zosayezeka.

Chimene chimandikopa pa ntchito ya Smith si masamu okha, koma funso limene anafunsa. Sgarbossa anayesa zizindikiro zake pa aliyense amene magazi anaonetsa kuvulala kwa mtima, kwakukulu kapena kwakung'ono. Smith anaziyesa pa odwala amene chithunzi cha mitsempha chinaonetsa kutsekeka kwenikweni, omwe ndi amene amafunika kutsegulidwa pompopompo. Pa odwala 33 otere ndi ena 129 opanda kutsekeka, njira yake inagwira 91 mwa 100 ndipo inamasula molondola 90 mwa 100 opanda kutsekeka. Gulu linali laling'ono, n'zoona. Koma mu 2015 Pendell Meyers ndi anzake anaiyesanso pa odwala ena, ndipo inagwira 80 mwa 100, n'kulakwitsa pa mmodzi yekha mwa 100 opanda kutsekeka. Mu 2022 chikalata cha akatswiri a American College of Cardiology chokhudza kupweteka kwa pachifuwa chinaiika m'gulu la zizindikiro zofanana ndi STEMI.

Pali ubwino wina umene sutchulidwa kawirikawiri. Makina ena amachepetsa kukula kwa mizere ndi theka QRS ikakhala yaitali kwambiri, kuti 1 mV ikhale 5 mm m'malo mwa 10 mm, ndipo wowerenga wotanganidwa sayang'ana kabokosi ka muyezo kumayambiriro kwa pepala. Malire oima pa mamilimita enieni amasokonekera pamenepo. Kuyerekeza ST ndi S sikusintha, poti zonse ziwiri zachepa mofanana.

Barcelona, 2020

Andrea Di Marco ndi anzake ku Barcelona anatulutsa njira yawo mu Journal of the American Heart Association. Iwo anakulitsa chizindikiro chachiwiri cha Sgarbossa: ST yotsika 1 mm motsatira QRS yoloza pansi iwerengedwe mu lead iliyonse, osati V1 mpaka V3 zokha. ST yokwera motsatira QRS anaisiya momwemo. Pa kusemphana anaika lamulo lina: ST yosemphana ndi QRS ndi 1 mm kapena kuposa, yokwera kapena yotsika, mu lead imene R kapena S yake yaikulu siipyola 6 mm. Pa odwala awo njirayi inagwira pafupifupi 93 mwa 100, ndipo n'njosavuta kuikumbukira chifukwa palibe kugawa.

Mwachitsanzo, mu aVL muli R ya 5 mm ndipo ST yatsika 1 mm. Barcelona akuti mtima wavulala, Sgarbossa ndi Smith sanena kanthu. Apa mpamene pali mphamvu yake komanso ngozi yake. Odwala amene anawafufuza anali otumizidwa kale kukatsegulidwa mitsempha, kutanthauza kuti dokotala wina anali atawakayikira kale kwambiri, ndipo gulu lina loyerekezera linali la anthu a LBBB amene sankaganiziridwa n'komwe za kutsekeka kwa mtsempha. Odwala ovuta kwenikweni, a pakatikati, obwera ndi mtima wolephera kapena mapapo odzaza madzi, ndi amene amayesa njira iliyonse, ndipo manambala okongola amatsika ikakumana nawo.

Ine ndimaikayikira pa chifukwa chinanso. QRS yaing'ono ndi yofala pakati pa odwala athu: amadzi ozungulira mtima chifukwa cha TB, otupa thupi lonse, a mtima wofooka kwambiri. Pa anthu otere ma lead ambiri amagwa pansi pa 6 mm, ndipo 1 mm ndi kabokosi kamodzi, komwe mzere wogwedera pang'ono ungakupatseni. Kumene cholakwa chimathera pa kujambula mitsempha n'kupeza kuti ili bwino, kulakwitsa kotere n'kopiririka. Kumene chimathera pa botolo la streptokinase, n'kolemera. Gawo la Barcelona limene ndingatenge ndi la ST yotsika motsatira QRS mu lead iliyonse, monga chondichititsa kuyang'anitsitsa ndi kujambulanso.

Zizindikiro za Cabrera ndi Chapman, timphako ta pa S mu V3 mpaka V5 ndi pa R mu I, aVL kapena V6, zimapezekabe m'mabuku. Zimagwira odwala ochepa ndipo sizisiyanitsa chilonda chakale ndi cha lero, choncho sizithandiza pa chigamulo cha usiku uno.

Pacemaker ndi nthambi yakumanja

Waya wa pacemaker wokhala m'chipinda chakumanja umapanga chithunzi chofanana ndi LBBB, ndipo kwa nthawi yaitali anthu ankati ECG yotere siwerengeka. Imawerengeka. Kafukufuku wa PERFECT wa mu 2021, wa Kenneth Dodd ndi anzake, anapeza kuti njira ya Smith inagwira 81 mwa 100 a mtsempha wotseka, pomwe ya Sgarbossa woyamba inagwira 56. Kusiyana kwake ndi LBBB n'kwakuti pa pacemaker QRS imaloza pansi kuyambira V1 mpaka V6 nthawi zambiri, choncho ST yotsika ifufuzidwe m'ma lead onsewo.

RBBB, pamene nthambi yakumanja ndiyo yasiya kupititsa uthenga, ndi nkhani ina, ndipo simufunika Sgarbossa. Chipinda chakumanzere chimalandira magetsi m'nthawi yake, ndiye ST imawerengedwa monga mwa masiku onse. Chongokumbukira n'chakuti mu V1 mpaka V3 ST ya RBBB imakhala pamzere kapena yotsika pang'ono, choncho kukwera kulikonse pamenepo, ngakhale kochepa, n'kokayikitsa. RBBB yatsopano pamodzi ndi left anterior fascicular block (kanthambi kakutsogolo ka nthambi yakumanzere katasiya kupititsa uthenga), pa munthu wodwala pachifuwa amene BP ikugwa, imaloza kutsekeka kumtunda kwa LAD kapena pa tsinde la mtsempha wakumanzere, ndipo odwala otere amafa ambiri. Malangizo a European Society of Cardiology a mu 2017 anaika RBBB ndi LBBB pamodzi: zizindikiro za mtima wosowa magazi zikapitirira, wodwala apite kukajambulidwa mitsempha mwachangu.

Zimene pepala limodzi silingachite

Mwa njira zitatuzi ine ndingaphunzitse ya Smith, ndipo ndingaiike pakhoma pafupi ndi makina. Koma ngakhale iyo imaphonya mmodzi mwa asanu, ndipo palibe njira imene imaloleza kutumiza wodwala kunyumba chifukwa zizindikiro sizinapezeke. ECG yoyamba ijambulidwe pasanathe mphindi 10 wodwala atafika, ndipo ululu ukapitirira ibwerezedwe mphindi 15 mpaka 30 zilizonse, zomata zili pamalo omwewo. LBBB yakale siisintha pa theka la ola. Mukaona ST ya V3 inali 2 mm tsopano ili 4 mm pomwe S ndi liwiro la mtima sizinasinthe, kusinthako ndi umboni ngakhale malire sanakwane.

Troponin, imene imayezedwa m'magazi kuona ngati mtima wavulala, imathandiza kumene ilipo, koma ya mtundu wakale imatenga maola atatu mpaka asanu ndi limodzi kuti ikwere, ndipo imakweranso pa impso zolephera, mtima wolephera ndi matenda olowa m'magazi. Kuidikira pa munthu amene ECG yake yanena kale ndi kutaya nyama ya mtima. Sikani ya mtima ya pabedi imathandiza kwambiri pofufuza madzi ozungulira mtima kapena chipinda chakumanja chotupa, koma samalani ndi khoma la pakati, chifukwa pa LBBB limagwedezeka mwachilendo ngakhale mitsempha ili bwino.

Pali zinthu zimene zimanamiza njira zonsezi. Mtima ukamathamanga kwambiri, ST yosemphana imakula, choncho pa wodwala wa atrial fibrillation (mtima wogunda mosalongosoka) yothamanga, kapena wa mapapo odzaza madzi BP ili kumwamba, thandizani zimenezo kaye mujambulenso pakapita kanthawi. Potassium wochuluka amatambalitsa QRS n'kukweza ST, ndipo wodwala impso akhoza kukupatsani chithunzi chonga LBBB chimene mankhwala ake ndi calcium gluconate, osati streptokinase. Kutupa kwa chikopa cha mtima, kumene kuno kawirikawiri kumabwera ndi TB makamaka pa amene ali ndi HIV, kumakwezanso ST, ndipo kusungunula magazi pa munthu wotere kungadzaze thumba la mtima ndi magazi. Ululu wong'amba wopita kumsana, BP ya mikono iwiri itasiyana, uyenera kukukumbutsani za kung'ambika kwa aorta, mtsempha waukulu wotuluka mumtima.

Zipatala zambiri za m'maboma zilibe malo otsegulira mtsempha ndi waya amene wodwala angafikeko pasanathe mphindi 120, choncho chigamulo chenicheni chimakhala cha mankhwala. Aspirin wa 300 mg wotafuna amaperekedwa msanga ngati palibe choletsa. Streptokinase wa mayuniti 1.5 miliyoni, wodontha kwa mphindi 30 mpaka 60, amayenera wodwala amene nkhani yake ikumveka ya mtima, ululu unayamba pasanathe maola 12, chizindikiro chimodzi cha Smith chikuoneka bwino, ndipo zoletsa zafufuzidwa: kutaya magazi muubongo nthawi ina iliyonse, sitiroko ya m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, opaleshoni yaikulu kapena kuvulala mutu posachedwa, ndi BP yopyola 180/110 imene sinatsike. Wodwala amene zizindikiro sizinakwane koma akuzizira, thukuta lili kamukamu, BP ikugwa ndipo ululu sukuleka, ndi amene amafuna dokotala wamkulu pafoni nthawi yomweyo. Potumiza chithunzi cha ECG pa WhatsApp, jambulani pepala lonse molunjika kuti timabokosi ndi kabokosi ka muyezo zioneke, phimbani dzina la wodwala, ndipo lembani nthawi imene ululu unayamba ndi nthawi ya pepala lililonse.